Ambuye Chitsulo: mwana wa ku Mua yemwe adadikira nthawi yake

Loweruka masana mukapita pabwalo lililonse la mpira m'boma la Dedza, simulephera kuona mnyamata atakhala pabenchi. Jezi wavala, nsapato wamanga, koma woyimbira akuliza wezulo yomaliza iye asadapondemo m'bwalo. Mphunzitsi wa timu amati mwanayo sadakhwime, ayambe waonetsa kuti angathe. Anzake ndi makolo ake amafunsa kuti aonetsa bwanji pamene sakupatsidwa mpata.

Mkanganowu suthera kumpira kokha. Uli m'golosale momwe bambo amakana kusiyira mwana wake makiyi ngakhale mwanayo adamera kale ndevu. Uli kudimba la kachewere, uli m'komiti ya kutchalitchi ndi ya chitukuko cha m'mudzi. Funso lake ndi limodzi: kodi wachinyamata ayambe wavutikira malo, kapena apatsidwe malowo kuti luso lake lioneke?

Mapiri a Dedza ali ndi munthu yemwe moyo wake wonse udayenda pa funso limeneli. Munthuyo ndi Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe mu mpingo wa Katolika, yemwenso adadzakhala Mmalawi woyamba kukhala episkopi wa mpingowo. Adamwalira mu 1984, koma mbiri yake ikadali ndi phunziro kwa wokhala pabenchi ndi kwa wosunga makiyi yemwe.

Kumunsi kwa mapiri

Cornelius adabadwa m'chaka cha 1909 kufupi ndi mishoni ya Mua, kumunsi kwa mapiri a Dedza, komwe mtunda umatsetsereka kulowera kunyanja. Nthawiyo dziko lino linkatchedwa Nyasaland ndipo mishoniyo idali ndi zaka 7 zokha. Ansembe a chipani cha White Fathers adaikhazikitsa mu 1902 m'dera la Kachindamoto, pakati pa Achewa, Angoni ndi Ayao.

Aka sikadali koyamba kuti ansembewa aponde dziko lino. Mu 1889 adafika kwa Mponda, ku Mangochi, koma adachokako mu 1891 zinthu zitawavuta. Atabweranso adamanga ku Mua, ku Likuni ndi ku Kachebere. Kenaka adatsegula Mtakataka mu 1908 ndi Bembeke mu 1910, kumtunda kozizira, kutali ndi kutentha ndi malungo a kunyanja.

Ansembewa sadali anthu opupuluma. Munthu wamkulu wofuna ubatizo ankayenera kuphunzira katekisimu zaka zinayi, akumuyang'anitsitsa khalidwe lake, asadalandiridwe mu mpingo. Ngati ubatizo wokha unkatenga zaka zinayi, aliyense angathe kuona kuti unsembe udali patali bwanji kwa mwana wa m'mudzi.

Komabe mwini wake wa chipanichi, Kadinala Charles Lavigerie wa ku France, adasiyira ansembe ake chiphunzitso chakuti mmishonale ndi woyambitsa chabe, ntchito yokhalitsa idzagwiridwa ndi Aafirika eni ake. Choncho m'mishoni ya Mua mudali maganizo awiri okokanakokana. Ena mwa maganizowo ankati eni dziko apatsidwe udindo, ena ankati nthawi sidakwane. Cornelius adakulira pakati pa chingwe chimenechi.

Midzi yozungulira Mua nayo idali yogawanika. M'zaka za m'ma 1920 kudali kusamvana kwakukulu pakati pa mishoni ndi akuluakulu a gule wamkulu, polimbirana anyamata. Mishoni inkawafuna kusukulu pamene akudambwe ankawafuna kumwambo. Mnyamata wosankha sukulu ya ansembe ankadziwa kuti ena m'mudzi amuona ngati wagulitsa mtundu.

Sefa ya kuseminale

Cornelius adalowa seminale yaing'ono ya ansembewa, yomwe idayambira pa Mua pomwepo mu 1912 ndipo pambuyo pake idasamukira ku Kasina. Seminale ya masiku amenewo idali ngati sefa. Anyamata ankalowa ambiri koma otsala ankakhala ochepa. Ena ankalephera Chilatini, chomwe chidali chilankhulo cha Misa ndi cha maphunziro a unsembe. Ena ankachotsedwa kaamba ka khalidwe, ndipo ena ankangochoka okha.

Ochokawo sadali opusa. Mnyamata wodziwa kulemba ndi kuwerenga nthawi imeneyo adali ndi msika. Akadatha kukhala kalaliki paboma kapena mphunzitsi, kapenanso kutsata anzake ku Halale ndi ku Joni n'kubwerako ndi njinga, suti ndi ndalama za msonkho. Kumudzi amalume ndi alongo ankayembekeza thandizo. Unsembe unkatanthauza kusakwatira, kusabereka ndi kusakhala ndi chuma chakechake, zinthu zomwe kwa anthu ambiri zinkaoneka ngati kutaya mwana ali moyo.

Chovuta china n'chakuti padalibe chitsanzo. Mnyamata wa lero wokhala pabenchi amaona akuluakulu ake akusewera, ndipo amadziwa kuti tsiku lina zidzatheka. Cornelius ndi anzake sadaonepo munthu wa mtundu wawo akuchita mwambo wa Misa m'dziko lawo. Ankaphunzirira ntchito yomwe padalibe Mmalawi mnzawo amene adaigwirapo.

Atamaliza seminale yaing'ono, m'dziko muno mudalibe seminale yaikulu. Ya Kachebere, ku Mchinji, idadzatsegulidwa mu 1939. Choncho Cornelius adatumizidwa ku Kipalapala, kufupi ndi Tabora m'dziko la Tanganyika, lomwe lero ndi Tanzania. Kuchoka ku Dedza kukafika kumeneko ndi mtunda woposa makilomita 1,000, pakati pa anthu olankhula Chiswahili ndi zilankhulo zina. Kumeneko adaphunzira nzeru zakuya za kaganizidwe, za Mulungu, Malembo Oyera ndi malamulo a mpingo.

M'chaka cha 1937, ali ndi zaka 27, Cornelius Chitsulo adadzozedwa unsembe. Nthawiyo dera la mpingo la Nyasa lidali m'manja mwa Episkopi Oscar Julien wa ku Canada. Padali patapita zaka 35 chikhazikitsireni mishoni ya Mua, ndi zaka 25 chitsegulireni seminale. Zaka zonsezo sefa ija idali isadatulutse wansembe ndi mmodzi yemwe.

Palibe angatsutse kuti Bambo Chitsulo adauvutikira unsembewo. Sadaupeze chifukwa cha chibale kapena chifundo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iwo adadekhadi. Koma nkhani ikathera pamenepa ndiye kuti yafotokozedwa mbali imodzi.

Yemwe adatopa n'kudikira

Mipingo ina idali itatsogola kale. Achingerezi a mpingo wa Anglican adadzoza Yohana Abdallah unsembe mu 1898. Ku Blantyre, mishoni ya Asikotishi idadzoza Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha ubusa mu 1911. Ku Livingstonia abusa oyamba atatu, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiya Tweya ndi Jonathan Chirwa, adadzozedwa mu 1914. Ku Nkhoma, kufupi ndi Dedza, Andreya Namkumba adadzozedwa mu 1925.

Koma ngakhale m'mipingo imeneyi kudikira kudali kwakutali, ndipo kudali ndi mtengo wake. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha Charles Domingo wa ku Livingstonia. Iyeyu adaleredwa pakhomo pa Dr Robert Laws ndipo adali mmodzi mwa ophunzira anzeru kwambiri pamishonipo. Adamaliza maphunziro a ubusa ndipo mu 1903 adaloledwa kulalikira, koma chaka ndi chaka ankauzidwa kuti ayembekezebe kudzozedwa.

Mu 1908 Domingo adachoka. Mishoni idataya munthu yemwe idamulera yokha ndi kumuphunzitsa yokha. Mayeso onse adali atakhoza, chomwe chidasowa ndi munthu wolimba mtima womutsegulira khomo. Kuyesa munthu n'kwabwino, koma mayeso opanda tsiku lothera amasanduka njira yaulemu yomukanira.

Nkhani ya Domingo ikuonetsa chomwe chikadatha kuchitikira Chitsulo. Khama la wachinyamata palokha silitsegula chitseko ngati kiyi ali m'thumba mwa wina. Ndiye adamutsegulira ndani mwana wa ku Mua?

Mawu ochokera ku Roma

Gawo lina la yankho lili kutali ndi Dedza. Mu 1919 Papa Benedict XV adalembera amishonale onse kalata yowadzudzula kuti m'maiko ena mpingo wakhala zaka zambirimbiri koma osatulutsa atsogoleri a komweko. Adalamula kuti ansembe a m'maiko a mishoni aphunzitsidwe mokwanira, kuti asamangokhala othandizira azungu koma adzathe kutsogolera anthu awo.

Papa Pius XI adabwereza zomwezi mu 1926, ndipo sadalekere pakamwa pokha. Chaka chomwecho adadzoza yekha maepiskopi asanu ndi mmodzi a ku China m'tchalitchi cha Petulo Woyera ku Roma. Mu 1939 Papa Pius XII adadzoza Joseph Kiwanuka wa ku Uganda kukhala episkopi wa Masaka. Kiwanuka adali ndi zaka 40, ndipo adali atakhala wansembe zaka 10 zokha.

Amishonale ambiri adakayika. Ankati n'kupupuluma, Masaka igwa. Roma idaumirira kuti njira yokha yodziwira ngati Mwafirika angayendetse dayosizi ndi kumupatsa dayosiziyo. Masaka sidagwe. Komabe padatenga zaka zoposa 10 kuti dera lino la Africa lione episkopi wina wachikuda, Laurean Rugambwa wa ku Tanganyika, yemwe mu 1960 adadzakhala kadinala woyamba wachikuda wa mu Africa.

Zonsezi zikutanthauza kuti pamene Cornelius ankalimbana ndi Chilatini, kwina kudali anthu omwe ankalimbana ndi anzawo kuti anyamata onga iye akamaliza asatsekeredwe kunja. Khama lidali lake, koma khomo adakankha ndi ena.

Zaka 20 pansi pa ena

Kudzozedwa unsembe sikudathetse mayeso. Kuyambira 1937 mpaka 1956 Bambo Chitsulo adagwira ntchito mu mpingo womwe maepiskopi ake onse ndi akuluakulu a mishoni pafupifupi onse adali azungu. Ntchito ya wansembe wa nthawiyo idali ya miyendo ndi njinga: kuyendera midzi masabata angapo, kugona m'tinyumba ta akatekisiti, kumva olapa, kuyesa ofuna ubatizo, kuyang'anira masukulu a m'midzi ndi kuweruza milandu ya mabanja.

Pa ntchito imeneyi wansembe wa kuno adali ndi mwayi womwe mzungu adalibe. Chichewa chidali chakumtundu, miyambo ya ukwati, maliro ndi chinamwali adaidziwira pakhomo. Koma adalinso ndi katundu yemwe mzungu adalibe. Mmishonale akalakwitsa, cholakwacho chinkakhala chake yekha. Wansembe woyamba wachikuda akadalakwitsa, okayika aja akadati taonani, tinkanena ife, ndipo anyamata onse a ku Kasina ndi ku Kachebere akadalipira nawo.

Uwu ndi mtolo womwe aliyense woyamba amasenza. Mnyamata wolowetsedwa m'bwalo mphindi zisanu zomaliza amadziwa kuti akaphonya mpira umodzi abwerera pabenchi mwezi wathunthu, pamene katswiri wakale amaphonya kasanu popanda womunena. Bambo Chitsulo adasewera m'bwalo lotere zaka pafupifupi 20, ndipo m'mbuyo mwawo ansembe ena achimalawi adayamba kutuluka mmodzimmodzi.

M'zaka zomwezo dziko nalo linkafunsa funso lomwelo. Sekondale yoyamba idatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ya Zomba mu 1942, ndipo ya boma ya Dedza mu 1951. Aafirika oyamba adalowa m'nyumba ya malamulo mu 1949. Mu 1953 Nyasaland idalowetsedwa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland eni dziko akukana. Pofika 1956 Aafirika m'nyumba ya malamulo adali asanu okha, ena mwa iwo anyamata ngati Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume. Atsamunda ankati anthu akuda sadakonzeke kudzilamulira.

Makiyi a Dedza

M'chaka chomwecho cha 1956, Roma idadula dera latsopano la mpingo. Idatenga mbali ina kuchokera ku Likuni, komwe kudali a White Fathers, ndi mbali ina kuchokera ku Zomba, komwe kudali ansembe a chipani cha Montfort, n'kupanga dera la Dedza. Mu Novembala chaka chomwecho Bambo Cornelius Chitsulo adasankhidwa kuti aliyang'anire, ndipo mu Meyi 1957 adadzozedwa uepiskopi ali ndi zaka 47.

Dera lomwe adapatsidwa silidali lachabechabe. Lidatenga maboma a Dedza ndi Ntcheu, kuyambira kumapiri ozizira a kumalire ndi Mozambique mpaka kuchigwa chotentha cha kunyanja. M'kati mwake mudali Mua, komwe adabadwira, Mtakataka, Kasina, Bembeke, komwe kuli tchalitchi chachikulu cha dayosizi, ndiponso Nzama, ku Ntcheu, komwe ansembe a Montfort adakhazikitsa mishoni yawo yoyamba mu 1901. Mizu yeniyeni ya mpingo wa Katolika m'dziko muno idaikidwa m'manja mwa mwana wa m'mudzi.

Zinthu zidatembenuka. Mishoni yomwe idamuphunzitsa a, e, i, o, u tsopano idali pansi pake. Amishonale ochokera ku Ulaya ndi ku Canada ogwira ntchito m'derali ankayenera kumvera episkopi wachikuda, pa nthawi yomwe kuboma bwanamkubwa, ma DC ndi akuluakulu a polisi adali azungu okhaokha.

Mu Epulo 1959 Roma idakweza madera a mpingo m'dziko muno kukhala madayosizi enieni, ndipo Ambuye Chitsulo adakhala episkopi woyamba wa Dayosizi ya Dedza. Idali nthawi yowawa. Mwezi wa Malichi chaka chomwecho boma la atsamunda lidalengeza kuti dziko lili pangozi, anthu ambiri adamangidwa, ena adaphedwa, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda adali m'ndende ku Gwelo, ku Southern Rhodesia. Pamene atsamunda ankati Aafirika sangathe kudziyendetsera zinthu, ku Dedza Mwafirika adali atayendetsa kale dera lonse la mpingo zaka ziwiri.

Kwa zaka 8 Ambuye Chitsulo adali Mmalawi yekhayo pakati pa maepiskopi a Katolika m'dziko muno. Anzawo adali John Baptist Theunissen wa ku Holland ku Blantyre, Joseph Fady wa ku France ku Lilongwe, Lawrence Hardman wa ku England ku Zomba ndi Jean-Louis Jobidon wa ku Canada ku Mzuzu. Mmalawi wachiwiri, James Chiona, adadzozedwa uepiskopi mu 1965 ndipo mu 1967 adakhala arkiepiskopi wa Blantyre. Patrick Kalilombe adatsatira ku Lilongwe mu 1972.

N'zosavuta kuona kuti Dedza ikadasokonekera, okayika akadapeza chonena ndipo otsatirawo akadachedwa. Sidasokonekere.

Ntchito yomwe palibe adaikonzekera

Wina angafunse ngati Bambo Chitsulo adali atakonzekeradi uepiskopi mu 1957. Yankho loona n'lakuti ntchito yomwe adaipeza kutsogolo palibe seminale yomwe ikadawaphunzitsa. Kuyambira 1962 mpaka 1965 ku Roma kudachitika msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, womwe udaitana maepiskopi a dziko lonse lapansi. Msonkhanowo udasintha zambiri. Misa idaloledwa kuchitika m'zilankhulo za anthu, ndipo akhristu wamba adapatsidwa gawo lalikulu mu mpingo.

Munthu yemwe adathera unyamata wake akuloweza Chilatini ndiye adayenera kutsogolera dayosizi yake kulowa m'nyengo ya Misa ya m'Chichewa, ya ng'oma ndi nyimbo za kuno. M'zaka za m'ma 1970 maepiskopi a kum'mawa kwa Africa adagwirizana zolimbikitsa miphakati, kuti akhristu azikumana m'magulu ang'onoang'ono m'midzi ndi kuyendetsa okha zinthu zambiri. Apanso udindo unkachoka m'manja mwa ochepa kupita kwa ambiri, ndipo ambiriwo adaphunzira ntchitoyo akuigwira.

Dziko nalo lidasintha m'manja. Ufulu udabwera mu 1964, ndipo patangotha milungu yochepa nduna zachinyamata zidasemphana ndi Dr Banda. Chimodzi mwa zomwe adakanganirana chidali chomwechi: ndunazo zinkafuna kuti Amalawi apatsidwe msanga maudindo akuluakulu m'boma omwe adali ndi azungu, pamene Dr Banda ankati asathamangire, ayambe aphunzira. Mkanganowo udathera kuipa, ndipo ambiri mwa anyamatawo adathawira kunja. Funso la pabenchi likayankhidwa ndi mkwiyo, timu yonse imapasuka.

Ambuye Chitsulo, omwe adadziwa kuwawa kwa kudikira, nawonso adatsegulira ena makomo. Adayambitsa chipani cha asisiteri a Presentation mu dayosizi yawo, kupereka mpata kwa atsikana a kuno kuti atumikire m'masukulu, m'zipatala ndi m'maparishi pansi pa utsogoleri wa Amalawi anzawo. Anyamata omwe adawadzoza unsembe adatenga maparishi omwe kale ankayendetsedwa ndi amishonale.

Mu nthawi yawo yomweyo, mu 1976, wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni pa Mua. Pamalo pomwe mishoni ndi gule wamkulu zinkalimbirana anyamata Cornelius ali mwana, padayamba kusungidwa mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo achinyamata adayamba kuphunzira zosemasema. Zomwe zidali zosatheka mu 1925 zidatheka mu dayosizi yotsogoleredwa ndi mwana wa pamalopo.

Chomwe adasiya

Ambuye Chitsulo adamwalira mu Febuluwale 1984 ali ndi zaka 74, akadali paudindo. Adatsogolera Dedza zaka pafupifupi 27, nthawi yotalika kuposa yomwe adakhala akudikira ngati wansembe wamba. Sadaone ulendo wa Papa John Paul II m'dziko muno mu 1989, koma omwe adalandira Papayo adali mpingo wotsogoleredwa kwakukulu ndi Amalawi.

Mpando wawo adaulowa Ambuye Gervazio Chisendera chaka chomwecho cha 1984. Iwowa ndi mmodzi mwa maepiskopi omwe adasaina kalata ya m'nyengo ya Lenti ya 1992, yomwe idatsegula njira ya ndale za zipani zambiri. Mu 2000 Dedza idalandira Ambuye Rémi Sainte-Marie, mmishonale wa ku Canada, ndipo mu 2011 Ambuye Emmanuel Kanyama. Pofika nthawi imeneyo funso la khungu lidali litatha mphamvu. Palibe ankafunsanso ngati Mmalawi angathe, poti yankho lidaperekedwa kale.

Nanga funso lija la pabwalo la mpira? Moyo wa Ambuye Chitsulo sukupereka chigonjetso kwa mphunzitsi yekha kapena kwa makolo okha. Kwa wachinyamata, mbiriyi ikuti mpata umapeza wokonzeka. Mu 1956 Roma sidatole munthu pamsewu. Idasankha munthu yemwe adapirira seminale, adapita kutali kukaphunzira ndipo adagwira ntchito mokhulupirika zaka zambiri pansi pa ena. Akadachoka pa chaka chachisanu chifukwa chokwiya, mpandowo ukadapeza wina.

Kwa wamkulu wosunga makiyi, mbiriyi ikuti kukonzeka sikuoneka munthu ali pabenchi. Palibe adadziwa motsimikiza kuti Masaka kapena Dedza ziyenda bwino mpaka Kiwanuka ndi Chitsulo atapatsidwa madayosiziwo. Omwe adapereka makiyi adavomera kuti mwina zinthu zingalakwike. Omwe adakana kuvomera zimenezi ku Livingstonia adataya Domingo. Ndipo n'zoyenera kufunsa kuti mwa anyamata ambiri omwe adagwa m'sefa ya Mua ndi Kasina zaka 25 zija, ndi angati akadakhala ansembe abwino kukadakhala kuti maso a sefayo sadali ang'ono chotere.

Pali kusiyana pakati pa kuyesa mwana ndi kumutsekereza. Woyesa amanena poyera zomwe akufuna kuona, amaika nthawi, ndipo mwana akakwaniritsa amamulowetsa, n'kumulola kuphonya kangapo osamutulutsa. Wotsekereza amasuntha chigoli chaka ndi chaka. Bambo wa golosale angayambe ndi kusiyira mwana sitolo tsiku la msika limodzi, madzulo n'kuwerengera limodzi ndalama. Mlimi angadulire mwana ndime yake ya kachewere kuti alime, agulitse ndi kuona yekha phindu kapena kuluza kwake. M'mera mpoyamba, ndipo mbewu siikulira m'nkhokwe.

Apaulendo odutsa pamsewu wa Lilongwe ndi Blantyre amaona phiri la Dedza litaima pamwamba pa tauni, ndipo ena amakhotera ku Bembeke kapena kutsika Golomoti kupita ku Mua. M'matchalitchi a m'njira imeneyi Misa imachitika m'Chichewa, ndipo wansembe wachimalawi paguwa sadabwitsa aliyense. Mu 1937 adalipo mmodzi yekha. Adafikapo chifukwa adalimbikira, komanso chifukwa tsiku lina wina adavomera kumuitana kuchoka pabenchi.